Njala ya Lidwina ndi magazi a ku Wilsnack: ntchito ya Pulofesa Caroline Walker Bynum

M'tauni ya Schiedam, m'dziko lomwe lero timalitcha Netherlands, mudali mtsikana dzina lake Lidwina. Ali ndi zaka 15 adagwa akusewera pamadzi oundana n'kuthyoka nthiti, ndipo sadapezenso bwino. Adadwala chigonere zaka 38 mpaka kumwalira mu 1433. Omwe adalemba mbiri ya moyo wake amati chakudya chidayamba kumukana pang'onopang'ono: lero kachidutswa ka apozi, mawa timadzi tokha, mapeto ake pakhosi pake sipankadutsanso kanthu kupatula mkate wa Ukaristia. Wansembe wa parishi yake sadakhulupirire. Tsiku lina adabwera ndi hostia (kamkate ka pa Misa) yosadalitsidwa kuti amuyese, ndipo akuti Lidwina adaibweza pomwepo, poti thupi lake lidazindikira kuti umenewu ndi mkate wamba.

Munthu wophunzira akaipeza nkhani yotere m'buku lakale, achite nayo chiyani? Kwa nthawi yaitali njira zidali ziwiri. Okhulupirira ankaiwerenga ngati chozizwitsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Akatswiri a mbiri yakale ankailumpha mwamanyazi, kapena ankangoti mtsikanayu mutu sunkayenda bwino, n'kubwerera ku zomwe ankaziona kuti ndi nkhani zolemera: mafumu, apapa, nkhondo ndi misonkho. Mayi Caroline Walker Bynum, katswiri wa mbiri yakale wa ku America, omwe adapuma pantchito mu 2011, adadziwika chifukwa cha funso lachitatu. Iwo adafunsa kuti, kwa Lidwina, kwa amayi a m'tauni mwake ndi kwa wansembe uja, chakudya chinkatanthauza chiyani kuti mkangano wa mtsikana wodwala ndi mtsogoleri wa mpingo ukachitikire pa lilime?

Phunziro lawo ndi la nyengo yomwe azungu amaitcha Nyengo Yapakati, zaka pafupifupi 1,000 za mbiri ya ku Ulaya, kuyambira cha m'ma 500, ufumu wa Roma wa kumadzulo utagwa, kufika cha m'ma 1500. Wofuna kuchita phunziroli ayambe wadziwa Chilatini, ndipo ngati akufuna kumva mawu a amayi enieniwo awonjezere Chijeremani, Chidatchi, Chifalansa ndi Chitaliyana cha makedzana. Zida zake ndi mabuku akuluakulu ngati Patrologia Latina, mpukutu wa mabuku 221 wa zolemba za akuluakulu a mpingo, ndi Acta Sanctorum, mbiri za oyera mtima zomwe ansembe a Chijezwiti adayamba kusindikiza mu 1643. Nkhani za amayi osala kudya zidali m'menemo kalekale. Aliyense akadatha kuzisolola pashelufu. Chidasowa ndi munthu woziwerenga ngati umboni.

Harvard, kenaka Seattle

A Bynum adabadwa mu 1941 mumzinda wa Atlanta, ku Georgia. Digiri yoyamba adatenga ku University of Michigan mu 1962, ndipo PhD adaitenga ku Harvard mu 1969. Mphunzitsi wawo adali Giles Constable, katswiri wa mbiri ya amonke. Dzina limeneli mulisunge, tikumananalonso. Kafukufuku wawo woyamba sankaonetsa kuti adzagwedeza munthu: ankafufuza kusiyana kwa amonke ndi ansembe okhala pamodzi motsata lamulo m'zaka za m'ma 1100, ndipo adapeza kuti ansembewa ankadziona kuti ali ndi udindo wophunzitsa anzawo ndi mawu komanso ndi chitsanzo, pamene mmonke ankadziona ngati wophunzira woyang'ana za mzimu wake. Buku lake, Docere Verbo et Exemplo, lidatuluka mu 1979.

Adaphunzitsa ku Harvard kuyambira 1969 mpaka 1976. M'mayunivesite a ku America munthu amayamba pa mpando wongoyembekezera kwa zaka zingapo, ndipo akakhutira naye amamupatsa chomwe amachitcha tenure, kutanthauza kukhazikika pantchito kosachotsedwa mwachisawawa. Ku Harvard nthawi imeneyo amayi okhazikika chotere adali ongowerengeka ndi zala. Woyamba pa nthambi yaikulu ya sukuluyi, Helen Cam, adalowa mu 1948, ndipo nayenso adali katswiri wa Nyengo Yapakati. A Bynum, akadali mphunzitsi wamng'ono, adatsogolera pamodzi ndi Michael Walzer komiti yofufuza za momwe amayi ankakhalira pasukuluyi, ndipo lipoti lake lidatuluka mu 1971. Mu 1976 adasamukira kutali, ku University of Washington mumzinda wa Seattle, ndipo adakhalako zaka 12. Mabuku awiri omwe adasintha phunziro lonse adalembedwa kumeneko.

Loyamba, la mu 1982, mutu wake ndi Jesus as Mother, kunena kuti Yesu ngati mayi. Munthu akamva mutuwu amaganiza kuti ndi maganizo a amayi amakono, kapenanso a asisitere akale. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka za m'ma 1100 amene ankalankhula motere adali amuna. Anselm wa ku Canterbury adapemphera kwa Yesu ngati nkhuku yofungatira anapiye, potengera Mateyu 23:37. Amonke a chipani cha Cistercian, monga Bernard wa ku Clairvaux, Aelred wa ku Rievaulx ndi Guerric wa ku Igny, ankalemba za mabere a Khristu ndi mkaka wake. A Bynum adaona kuti ambiri mwa amunawa adali akuluakulu a nyumba za amonke, anthu olamula anzawo, ndipo mawu a umayi ankatuluka kwambiri akamakamba za ulamuliro. Mkulu yemwe adalumbira kudzichepetsa koma tsiku lililonse akulanga anthu ankafuna chithunzi cha mphamvu yosaopsa, ndipo adachipeza mwa mayi woyamwitsa. Asisitere a ku Helfta ku Germany, monga Gertrude Wamkulu, adali osiyana: m'masomphenya awo Khristu ndi mfumu ndi woweruza, ndipo iwo eni amaoneka akulangiza ndi kumasula anthu ngati ansembe. Phunziro lomwe a Bynum adatolapo, ndipo adayenda nalo moyo wawo wonse, n'lakuti chithunzi chachikazi m'pemphero sichikuuza kuti wopempherayo ndi mkazi, ndiponso sichikuuza kuti amalemekeza akazi.

Za chakudya

Buku lomwe anthu ambiri amawadziwira ndi Holy Feast and Holy Fast, la mu 1987, lokamba za phwando loyera ndi kusala koyera. Apa mpofunika kudekha, chifukwa mfundo yake imamveka yapafupi koma ili ndi nthambi.

Adayamba ndi kuwerenga. Pa anthu omwe ankalemekezedwa ngati oyera mtima pakati pa 1000 ndi 1700, amayi sadakwane ngakhale mmodzi pa asanu alionse. Koma ukasankha nkhani zomwe kusala kudya koopsa, kulakalaka Ukaristia ndi zozizwitsa za chakudya zili pakati penipeni pa moyo wa munthuyo, amayi amachuluka kupitirira muyeso wawo. Amuna nawo ankasala, koma nsembe yawo yaikulu idali ina. Francis wa ku Assisi adavula zovala pamaso pa bambo wake ndi episkopi, kukana chuma cha pabanja. Mwamuna ankataya ndalama, munda, lupanga, udindo. Mkazi akadataya chiyani, poti zonsezo sizidali m'manja mwake? Ngakhale thupi lake lidali loti bambo alipereke kwa mwamuna yemwe iwo asankha. Chomwe mkazi ankachigwira ndi manja ake tsiku ndi tsiku chidali mphika. Iye ndiye ankaphika, kugawa, kuyamwitsa, kudyetsa odwala. Munthu amapereka nsembe chomwe ali nacho.

Ndiye kukana kudya kudali chida chenicheni pakhomo. Catherine wa ku Siena, mwana wa munthu wonyika nsalu, wobadwa mu 1347, adakana ukwati womwe makolo ankamukonzera, nadzimeta tsitsi, ndipo kusadya kwake kudagonjetsa banja lonse mpaka lidamuleka. Ankatenga zinthu za m'nyumba n'kugawira osauka. Mayi yemweyu pambuyo pake ankalembera makalata Papa Gregory XI kumuuza kuti achoke ku Avignon abwerere ku Roma, ndipo Papayo adabwereradi mu 1377. Catherine adamwalira mu 1380 ali ndi zaka 33, thupi litatheratu. Elizabeth wa ku Hungary, mkazi wa wolamulira dera la Thuringia, ankakana kudya chilichonse chomwe ankachikayikira kuti chidalandidwa kwa alimi mopanda chilungamo. Taganizani mkazi wa mfumu atakhala pagome lodzaza, alendo ali pomwepo, iye manja ali pamiyendo. Palibe mawu omwe wanena, koma aliyense wamva.

Nthambi yachiwiri ndi ya ku tchalitchi. M'zaka zomwezi Ukaristia udakwezedwa kwambiri koma udatalikira anthu wamba. Msonkhano waukulu wa Lateran wa mu 1215 udagwiritsa ntchito mawu onena kuti mkate ndi vinyo zimasandulikadi thupi ndi magazi, ndipo udalamula kuti mkhristu alandire kamodzi pachaka, pa Pasaka, chizindikiro choti ambiri sankalandira kawirikawiri. Chikho chidayamba kukhala cha wansembe yekha. Pa guwa zinthu zidatembenuka: mwamuna ndiye wokonza ndi kugawa chakudya, mkazi wongoyembekezera. Mukaiona motere, nkhani ya Lidwina ikumveka mwina. Mkazi yemwe thupi lake limazindikira hostia yabodza, kapena yemwe m'masomphenya walandira mgonero kuchokera m'manja mwa Khristu mwini, wamudutsa wansembe popanda kuukira mpingo. Ngakhale chaka cha Thupi ndi Magazi a Khristu, chomwe Akatolika amachita mpaka lero ndi mdipiti wa Ukaristia, chidayamba ndi masomphenya a mayi, Juliana wa ku Cornillon pafupi ndi Liège, ndipo Papa Urban IV adachilamula ku mpingo wonse mu 1264.

Nthambi yachitatu ndiyo idautsa mapiri pachigwa. Ambiri ankati amayiwa ankadana ndi matupi awo chifukwa adameza chiphunzitso chonyoza akazi, chonena kuti mwamuna ndi mzimu, mkazi ndi mnofu. A Bynum adati chiphunzitsocho chidalipodi, koma amayi adachitembenuza. Ngati mkazi ndi mnofu, chabwino, nanga Mulungu adapulumutsa dziko ndi chiyani? Ndi mnofu womwe adautenga kwa mkazi, mnofu womwe udamva njala, udakhetsa magazi, n'kusanduka chakudya cha anthu. Choncho kuvutika m'thupi sikudali kuthawa thupi. Kudali kulowa m'thupi mozama kuti akakumane ndi Khristu pomwe iye adavutikira. Catherine atamwa mafinya a m'bala la mayi wodwala yemwe ankamusamalira, wolemba mbiri yake Raymond wa ku Capua amati usiku wotsatira Khristu adamumwetsa pa bala la m'nthiti mwake. Nkhaniyi imanyansa, ndipo a Bynum sadaithire shuga. Adangokana kuti kunyansidwa kwathu kukhale kumasulira.

Zaka ziwiri bukuli lisadatuluke, mu 1985, katswiri wina wa mbiri, Rudolph Bell, adali atatulutsa Holy Anorexia, momwe adafanizira amayi omwewa ndi atsikana amakono odwala anorexia nervosa, matenda okana kudya. A Bynum sadakane kuti ena mwa amayiwa adali odwala. Anthu a nthawiyo nawonso ankadziwa kusiyanitsa: ankafunsa ngati kusadyako n'kwa Mulungu, kwa satana, kwa matenda kapena kwachinyengo, ndipo Catherine mwini ankakutcha kudwala. Koma dzina la matenda limafotokoza kusadya kokha. Silifotokoza chifukwa chake munthu yemweyo ankadyetsa osauka, ankalirira hostia, ndipo atamwalira anthu ankati m'manda mwake mukutuluka mafuta ochiritsa. Mtsikana wa lero amawopa kunenepa. M'zolemba za amayi aja nkhani ya kuonda kokongola mulibe.

Ine ndikuona kuti pa mkangano umenewu a Bynum adapambana. Pomwe adapunthwa ndi pena. Mbiri zambiri za amayiwa adazilemba ndi amuna, ansembe omwe ankawamvetsera kulapa, ndipo wansembe wofuna kutsimikizira anthu kuti mayi wosaphunzira ndi woyera amafuna zizindikiro zooneka ndi maso: kusadya, kukomoka, magazi. Katswiri wina, Amy Hollywood, adayika pambali pamodzi kabuku komwe sisitere Beatrice wa ku Nazareth, m'dziko lomwe lero ndi Belgium, adalemba yekha m'Chidatchi ndi mbiri ya moyo wake yomwe mwamuna adalemba m'Chilatini. Zomwe Beatrice adazifotokoza ngati zochitika mumtima, mwamunayo adazisandutsa zochitika pathupi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma apa nthawi zambiri wotsekula chitseko adali wina. Ena adadandaula kuti bukuli lidakamba za kukoma kwa Ukaristia osayang'ana mokwanira Ayuda omwe ankaphedwa chifukwa cha nkhani za hostia zomwezo. A Bynum sadathawe. Adalemba mawu otsogolera buku la Gendered Voices la mu 1999, lomwe ntchito yake idali kusiyanitsa mawu a amayi ndi a owalembera, ndipo nkhani ya Ayuda adadzaibwerera ndi mphamvu.

Tsitsi, zikhadabo ndi munthu wodyedwa ndi nsomba

Mu 1986 adalandira mphatso ya MacArthur, ndalama zoperekedwa kwa zaka zisanu popanda kumuuza munthu chochita nazo. Mu 1988 adapita ku Columbia University ku New York. Kumeneko funso lidasuntha. Ngati amayi aja sankadana ndi thupi, nanga Chikhristu chonse cha nthawiyo chinkaliona bwanji thupi? Yankho adalifuna pa chiphunzitso cha kuuka kwa akufa, m'buku la mu 1995, The Resurrection of the Body in Western Christianity, 200–1336.

Mafunso omwe akatswiri a zaumulungu akale ankalimbana nawo ndi omwe mwana wa Sande sukulu angafunse n'kukalipiridwa. Tsitsi lonse lomwe munthu wameta moyo wake wonse lidzabwerera? Nanga zikhadabo? Khanda lidzauka lili khanda? Munthu akamira, nsomba n'kumudya, wina n'kudya nsombayo, mnofuwo udzakhala wa yani? Augustine adayankha mafunsowa mosaseka m'buku la 22 la Mzinda wa Mulungu. Adati palibe chidzatayike, potengera Luka 21:18, koma Mulungu adzachita ngati mmisiri wosungunula fano n'kuliumbanso, kotero kuti zotsala za zikhadabo zidzalowa pena m'thupi osati kudzatalikitsa zala. Peter Lombard, m'zaka za m'ma 1150, adaphunzitsa kuti onse adzauka pa msinkhu wa zaka pafupifupi 30, msinkhu wa Khristu.

Akatswiri ambiri ankaziona izi ngati zibwana za anthu ophunzira osowa chochita. A Bynum adayang'ana zifanizo. Paulo pa 1 Akorinto 15 adafanizira kuuka ndi mbewu, yomwe imafa m'nthaka n'kutuluka chinthu chosiyana nayo. Origen, mphunzitsi wakale wa mpingo wa kum'mawa, adachikonda chifanizo chimenechi, koma aphunzitsi ambiri a kumadzulo adachizemba, ngakhale chili m'Baibulo. Adakonda mbiya yosweka yolumikizidwanso, kachisi womangidwanso ndi miyala yake yomwe. M'tchalitchi cha pa chilumba cha Torcello pafupi ndi Venice muli chithunzi cha tsiku lachiweruzo momwe zilombo ndi nsomba zikusanza anthu omwe zidawameza. Chifukwa chake, a Bynum adati, n'chakuti kwa anthuwa kusintha kunkanunkha ngati kuola, ndipo munthu wopanda thupi lake lenileni si iyeyo. Mpingo womwe udakula ukutola mafupa a ofera chikhulupiriro sukadalola kuti mafupawo akhale makoko otayidwa.

Ankachitanso zomwezo ndi mitembo yeniyeni. Mfumu Louis IX ya ku France itafera pafupi ndi Tunis mu 1270, mtembo wake udaphikidwa kuti mafupa alekane ndi mnofu anyamulidwe kupita kwawo. Mu 1299 Papa Boniface VIII adaletsa mchitidwe umenewu nautcha wonyansa, komabe mafumu adapitiriza kupempha chilolezo choti mtima ukaikidwe kwina, mafupa kwina. Chaka cha 1336 chomwe chili pa mutu wa bukuli ndi chomwe Papa Benedict XII adagamula kuti mizimu ya oyera imaona Mulungu nthawi yomweyo, osayembekezera thupi, kuthetsa mkangano womwe Papa John XXII adauyambitsa. Zikadaoneka ngati mzimu wapambana. Koma a Bynum adaonetsa kuti pofika nthawiyo mzimu womwe unkajambulidwa ndi kufotokozedwa udali utatenga nkhope, msinkhu ndi zowawa za thupi.

Zaka zimenezi n'zomwe maudindo adawunjikana. Mu 1996 adakhala pulezidenti wa American Historical Association, bungwe la akatswiri a mbiri lomwe lidayamba mu 1884, ndipo adali mayi wachinayi pa mpandowo. Kenaka adatsogolera Medieval Academy of America. Mu 1999 Columbia idawapatsa udindo wa University Professor, wapamwamba kuposa onse pasukuluyi, ndipo adali mayi woyamba kuulandira. Chomwe chimakumbukika kwambiri pa nthawiyi ndi mawu omwe adalankhula potsanzika pa upulezidenti uja mu January 1997, a mutu wakuti kudabwa. Adakumbutsa omvera za mawu omwe adalembedwa pakhoma ku Paris pa zionetsero za mu 1968, onena kuti kaonedwe kalikonse ka zinthu komwe sikachilendo n'kabodza. Mfundo yawo idali yoti ntchito ya wophunzitsa mbiri si kuuza ophunzira kuti anthu akale adali ngati ife. Akawasandutsa ife, palibenso choti tiphunzire kwa iwo. Buku la mu 2001, Metamorphosis and Identity, lidatsata njira yomweyo mpaka ku nthano za anthu osanduka mimbulu, monga ya Gerald wa ku Wales yonena za wansembe ku Ireland yemwe adapemphedwa ndi mmbulu wolankhula kuti akapereke mgonero kwa mkazi wake wodwala, nayenso mmbulu.

Wilsnack

Mu 2003 Giles Constable adapuma pa mpando wa mbiri ya Nyengo Yapakati ku Institute for Advanced Study ku Princeton, malo omwe Albert Einstein adagwirako ntchito kuyambira 1933. Kumeneko kulibe makalasi, kulibe mayeso, kulibe madigiri. Pulofesa ntchito yake ndi kufufuza ndi kulandira akatswiri obwera kudzakhala chaka chimodzi. Wolowa m'malo mwa Constable adali wophunzira wake wakale uja. Ali kumeneko adatulutsa Wonderful Blood mu 2007, buku lomwe ine ndimaliona kuti ndi lokhwima kuposa onse, ngakhale silowerengeka msanga.

Mu August 1383 msilikali wina wolemera, Heinrich von Bülow, adatentha mudzi wa Wilsnack kumpoto kwa Germany pamodzi ndi tchalitchi chake. Wansembe atafukula phulusa, akuti adapeza hostia zitatu zosapsa, iliyonse ili ndi dontho la magazi. Kamudzi kosadziwika kadasanduka amodzi mwa malo oyenderedwa kwambiri ku Ulaya konse. Anthu ankachokera ku Bohemia, Hungary, Scandinavia ndi England. Margery Kempe, mayi wopemphera wa ku England, adafikako mu 1433. Oyendawo ankabwerako ndi kabaji kachitsulo ka timizere titatu tozungulira, ndipo episkopi wa ku Havelberg ankapeza phindu.

Otsutsa adalipo kuyambira pachiyambi, ndipo adali anthu a mpingo. Jan Hus adalemba motsutsa mu 1405. Heinrich Tocke wa ku Magdeburg adaziona hostiazo ndi maso ake mu 1443 nanena kuti sadaonepo magazi. Kadinala Nicholas wa ku Cusa, nthumwi ya Papa, adaletsa kupembedza hostia zamagazi mu 1451, koma patangopita zaka ziwiri Papa Nicholas V adalola Wilsnack kupitiriza. Mapeto adadza mu 1552, pamene mbusa wa Chilutera, Joachim Ellefeld, adazitentha.

Njira yapafupi yofotokozera izi ilipo. Pali kachilombo kotchedwa Serratia marcescens komwe kamamera pa zakudya zokhuthala ngati mkate m'malo ofunda ndi achinyezi, n'kupanga madontho ofiira ngati magazi. Kadadziwika mu 1819 pafupi ndi Padua ku Italy, pamene polenta, chakudya cha ufa wa chimanga chofanana ndi nsima, idayamba kufiira m'nyumba za alimi. Njira ina yapafupi ndi kunena kuti zonse zidali ndalama. A Bynum sadakane ziwirizi, koma kachilombo sikangatiuze chifukwa chake madokotala a zaumulungu adakangana zaka zoposa 100. Funso lawo lidali lija la m'buku la kuuka: ngati Khristu adauka wathunthu, osataya ngakhale tsitsi limodzi, n'kukwera kumwamba, magazi ake angatsale bwanji pansi pano? Ngati dontho lidatsala, kuuka kwake kudali kopereweza, ndipo kuuka kwathu nako kuli pachiswe. Koma anthu ankafuna magazi ooneka, otuluka, chifukwa chipulumutso chidadza ndi magazi okhetsedwa. Ankafuna Mulungu wosasintha yemwenso akukha magazi lero. Mbali zonse ziwiri za mkanganowo zidali ndi chikhulupiriro chimodzi, zikungogwira nsonga zosiyana.

M'buku limeneli ndimo adayang'ana maso ndi maso zomwe adadzudzulidwa nazo kale. Hostia ikakha magazi, anthu ankafunsa kuti waibaya ndani, ndipo kawirikawiri chala chinkaloza Ayuda. Ku Sternberg, m'dera la Mecklenburg, Ayuda oposa 20 adatenthedwa mu 1492 pa mlandu wabodza wobaya hostia, Ayuda ena onse adapirikitsidwa m'deralo, ndipo pamalopo padayamba ulendo wachipembedzo wobweretsa ndalama. Kupembedza komwe kudapatsa Lidwina mphamvu pamaso pa wansembe ndi komweko kudasonkhezera moto wa ku Sternberg. Bukuli lidalandira mendulo ya Haskins, mphoto yaikulu ya Medieval Academy of America.

Mukatsata mabukuwa mwa ndondomeko mukuona njira yolowera pansi. Adayamba ndi mawu a m'mapemphero, nafika pa chakudya, kuchoka apo pa thupi lomwe limadya, kenaka pa magazi, ndipo chaka chomwe adapuma, 2011, adatulutsa Christian Materiality, lokamba za zinthu zenizeni: mitengo, utoto, mafupa, mafano omwe ankati amalira misozi kapena kutuluka thukuta. Mpando wawo ku Princeton adautenga Patrick Geary. Mu 2012 dziko la Germany lidawalowetsa m'gulu la Pour le Mérite la akatswiri a sayansi ndi luso.

Kupuma kwa pulofesa wa mtundu uwu n'kusiya misonkhano ndi makomiti, osati kusiya kuwerenga. Mu 2020, ali ndi zaka 79, adatulutsa Dissimilar Similitudes. Chimodzi mwa zinthu zomwe adazifufuza m'menemo ndi kabedi ka mwana Yesu ka m'zaka za m'ma 1400, kochokera ku mudzi wa amayi opemphera otchedwa beguine mumzinda wa Louvain ku Belgium, komwe lero kali ku Metropolitan Museum ku New York. Ndi kakang'ono koti munthu n'kukanyamula m'manja, kosemedwa ndi kupakidwa golide, kali ndi timabelu tasiliva ndi kansalu kofunda kopetedwa. Ambiri akakaona amati apa mpoonekeratu: amayi opanda ana ankadzitonthoza ndi chidole. A Bynum adati tayang'anitsitsani kaye. Kabediko kadasemedwa ngati tchalitchi, ndi nsanamira ndi mazenera ake. Mabelu akamalira amakumbutsa belu la pa Misa. M'mapemphero a amayi a nthawiyo bedi ndi mtima wa wopempherayo, womwe amauyala ndi maombi monga munthu ayala nsalu, ndiponso ndi chipinda cha mkwati, ndi guwa pomwe mkate umagonekedwa. Mu myuziyamu muja kabediko kamaonetsedwa kali ndi pilo ndi chofunda, mwana mulibe.